Kodi Nkoyenera Kuneneza Mnzako pa Nthawi ya Mayeso?

Pa mayeso a Fomu 4, amene amatchedwa MSCE, pali tsiku limene aphunzitsi amalidziwa bwino kuvuta kwake, ndilo la mayeso a sayansi ochita ndi manja. M'sukulu zambiri zipangizo nzochepa, kotero kuti ophunzira sangalowe onse nthawi imodzi. Amagawidwa m'magulu, ndipo gulu loyamba likamalemba, lachiwiri limadikira m'chipinda china, popeza lamulo nlakuti asakumane kufikira onse atamaliza. Tsono zimachitika kuti wina wa gulu loyamba, podutsa pa zenera, amanong'oneza bwenzi lake liwu limodzi lokha, dzina la mbewu kapena fupa limene waliona patebulo. Wophunzira wachitatu, amene sadafunse kanthu, wamva zonse. Kodi ameneyu akanene kwa woyang'anira mayeso, kapena angotseka pakamwa?

Ambiri amasankha kukhala chete, ndipo chifukwa chake sichosowa. Dzina lakuti kazitape nlolemera m'dziko muno. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka pamene anthu adavota pa riferendamu ya 1993, munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu chifukwa chakuti mnansi wake wamunenera kwa akuluakulu. Ophunzira a lero adabadwa zimenezi zitatha, komabe adakulira m'manja mwa makolo ndi agogo amene adaziona, ndipo adaphunzitsidwa kuti woneneza anzake ndi munthu wosayenera kudya naye mbale imodzi. Pa sukulu yogonera konko nkhaniyi imakula kwambiri, pakuti wonenayo madzulo ake akagona chipinda chimodzi ndi amene wamunenayo.

Komatu kuphwanya malamulo a mayeso kuli mitundumitundu, ndipo sikoyenera kuyeza zonse ndi muyeso umodzi. Wophunzira amene watembenuza pepala asanauzidwe, nkulibweza msanga atazindikira, walakwa ndithu, koma palibe amene wamulanda kanthu. Awiri amene amaliza kulemba, nayamba kutsutsana za funso lachitatu asanatuluke bwinobwino pakhomo, achita phokoso chabe. Kuthamangira kwa woyang'anira ndi nkhani zotere ndi kufuna kutamandidwa, ndipo aphunzitsi anzeru salabadira mwana wotero. Funso loyenera kudzifunsa ndi limodzi: kodi chinsinsi cha mayeso chafika kwa munthu amene sanalembe? Ngati chafika, nkhaniyo yasiya kukhala yaing'ono, ngakhale liwu lake likhale limodzi.

Chimene chimasokoneza wophunzira wachitatu uja nchakuti wolakwa akumuona ndi maso, pamene wolakwiridwa sakumuona. Wolakwiridwayo ali kutali, mwina pa sukulu yoyendera ya kumudzi ku Chitipa kapena ku Nsanje, kumene akulemba pepala lomwelo popanda womunong'oneza. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo pophatikiza amatenga maphunziro 6 amene wophunzira wakhoza bwino koposa. Malo m'mayunivesite a boma ngochepa poyerekeza ndi owafuna, motero pointi imodzi imatha kulekanitsa wosankhidwa ndi wotsala. Amene wauzidwa dzina la fupa ali ndi nthawi yokumbukira zonse zimene adaphunzira za fupalo ali chikhalire m'chipinda chodikirira, ndipo malikisi awiri kapena atatu amene angapeze mwa njira imeneyi akhoza kumukwezera giredi. Kukhala chete kumene kumaoneka ngati kukomera mtima bwenzi kumalipiridwa ndi mwana wa eni ake amene sadzadziwa nkomwe chimene chidamugwetsa.

Dziko lino lidaona kale kumene chinsinsi chotayika chimafikitsa anthu. Mu Novembala 2020 boma lidathetsa mayeso a MSCE ali mkati, zitadziwika kuti mapepala ena adali atafalikira pa matelefoni a m'manja asanalembedwe. Ophunzira amene adali atataya kale miyezi yambiri sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19 adabwerera kwawo, nadzalembanso mu Januwale 2021. Amene sadaoneko likasa ngakhale limodzi adalangidwa pamodzi ndi akuba, monga akulu adanena kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Nzoona kuti kunong'ona pa zenera sikungafanane ndi kuba mapepala a dziko lonse. Koma pepala silingayende m'matelefoni ambirimbiri chotero popanda anthu ochuluka amene adaliona, naganiza kuti kunena si udindo wawo.

Pakati pa kukhala chete ndi kupereka dzina la mnzako pali njira zina zimene ophunzira saziganizira. Yoyamba ndiyo kumuyang'ana wolakwayo m'maso ndi kumuuza kuti zimene wachita zamveka, ndipo asazibwereze. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ina ndiyo kuuza woyang'anira chimene chikuchitika popanda kutchula munthu, kuti magulu awiri aja akulankhulana pa zenera. Woyang'anira akatseka zeneralo kapena kuimikapo munthu, chinsinsi chatetezedwa, ndipo palibe amene wataya zaka zinayi za sukulu chifukwa cha liwu limodzi. Chilango cha bungwe la MANEB, limene lakhala likuyendetsa mayeso amenewa kuyambira 1987, chimafika pa kufufuta zotsatira za wophunzira, ndipo nchifukwa chake dzina liyenera kutuluka pokhapokha wochenjezedwayo atakana kumva, kapena zitaoneka kuti pali pepala kapena ndalama zimene zikuyenda m'manja.

Mbali yaikulu ya katunduyu ili pa mapewa a aphunzitsi. Mwana sanganene kanthu pa sukulu pamene akudziwa kuti pofika nthawi ya nsima dzina lake lidzakhala litamveka m'makalasi onse. Ndiponso mphunzitsi wa sayansi amalandira malangizo achinsinsi a zinthu zoyenera kukonza mayeso asanafike. Ophunzira akaona kuti iye mwini, kutatsala masiku awiri, wayamba mwadzidzidzi kubwereza phunziro limodzi la mafupa, amazindikira chimene chikuchitika, ndipo tsiku la mayeso sadzapita kwa iye kukanena za zenera.