Kujambula Tauni Yathu M'nyengo Yozizira

Mwana wa ku Ulongwe kapena ku Metangula akauzidwa kuti ajambule nyumba, kawirikawiri amajambula imene anaiona m'buku, osati imene amaidutsa m'mawa uliwonse. Wazolowera kuganiza kuti zoyenera kukhala papepala ndi zakutali zokha. Kutulutsa ophunzira panja kuti akajambule msika kapena msewu wa kwawo kumawongola maganizo amenewa, ndipo nyengo yabwino yochitira zimenezi ndi yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti.

M'miyezi imeneyi mvula imakhala italeka, choncho pepala silinyowa kawirikawiri. Dzuwa limadzera chakumpoto ndipo silikwera kufika pamutu, motero ngakhale masana zithunzithunzi za nyumba ndi mitengo zimagwera kumwera n'kumaoneka bwino. M'madera okwera monga Angónia, Tsangano ndi Lichinga, nkhungu ya m'mawa imasakanikirana ndi utsi wa mbaula, zinthu zakutali n'kumaoneka zotuwa, zapafupi zokha n'kumaoneka zakuda bii. Apa mwana amadzionera yekha lamulo lalikulu la ojambula: chakutali chimajambulidwa chaching'ono ndi utoto wopepuka, chapafupi chachikulu ndi utoto wokhathamira.

Akatswiri akale ankaidziwa mphatso ya nyengoyi. M'chaka cha 1897, kuyambira mwezi wa Febuluwale pamene ku France kumazizira, Camille Pissarro anajambula msewu umodzi wa ku Paris, Boulevard Montmartre, maulendo oposa 10, ali pazenera la hotela. Anaujambula m'mawa, masana ndi usiku, kukachita mitambo ndiponso kukawala. Msewu unali womwewo, koma chithunzi chilichonse chinatuluka china chifukwa kuwala kunkasintha. Nanunso sankhani malo amodzi, ndipo muzibwererako ndi ophunzira anu sabata ndi sabata pa ola losiyana.

Pokonzekera, kumbukirani mwera. Mphepo imeneyi imaulutsa mapepala ndi kuumitsa zala, choncho mwana aliyense apanire pepala lake pachidutswa cha katoni ndi zopanira zovala, ndipo onse akhale kuseri kwa khoma, pamene pali dzuwa. Ntchito isapitirire mphindi 40. Popeza zithunzithunzi zimasuntha dzuwa likamayenda, ana azilembe ndi makala poyambirira penipeni, asazitsatirenso pambuyo pake. Utoto wa m'sitolo ukasowa, katondo amapereka mtundu wofiira, mwaye wakuda, phulusa wotuwa. Phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamatiritsa zimenezi papepala, ndipo kamtengo kotafunidwa kunsonga kamalowa m'malo mwa burashi. Tsiku la chiperoni utoto umachedwa kuuma, ndiye ndi bwino kugwiritsa ntchito makala okha.

Asanakhudze pepala, ana akhale chete kwa mphindi zingapo, akungoyang'ana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka afunseni m'Chinyanja: Mukuona chiyani pafupi? Nanga kutali? Wina atchula njinga yosenza matumba a kachewere, wina mayi wofunda chitenje akuwotha moto, wina chapa ikudikira anthu. Pa mitundu mudzapeza chuma. Chiyankhulo chathu chili ndi kufiira, kuyera, kuda, kubiriwira ndi kutuwa, ndipo chimawonjezera mawu onga psuu, mbee ndi bii; mitundu ina chimaitchula poyerekeza, monga chikasu. Mwana amene wanena kuti denga ndi lofiira ngati dzimbiri wayang'anitsitsa kuposa amene wangoloweza dzina la mtundu. Mawu a Chipwitikizi abwere pambuyo, adzakhale pa chinthu chimene mwana wachiona kale ndi kuchitchula.

Pobwerera m'kalasi, aliyense alembe chiganizo chimodzi pansi pa chithunzi chake, pamodzi ndi tsiku ndi ola. Zithunzizo zipachikidwe motsatana, kuti pofika Ogasiti, fumbi litayamba kukuta msewu, ana adzathe kufotokoza okha mmene tauni yawo yasinthira.