Nc'wala ikadzaza malo ogona alendo, dziwe nalo limalowa m'mayeso

Loweruka lomaliza la February, msewu wa Great East kuchokera ku Chipata kulowera cha ku Katete umadzaza ndi magalimoto opita ku Mtenguleni. Kumeneko Angoni amakhala atavala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja, ingoma ikugwedeza nthaka, ndipo Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zoyamba kucha za m'munda. Mwambo wa Nc'wala, womwe unazilala Angoni atagonja kwa Angerezi mu 1898 n'kudzatsitsimutsidwa mu 1980, umakoka anthu ochokera ku Lusaka, ku Malawi, ku Mozambique ndi kwina. Mudziwo sungagoneke khamu lonseli, choncho ambiri amakagona m'tauni ya Chipata.

Mlendo amene wapsa ndi dzuwa tsiku lonse pabwalo akabwerera ku loji, chimene amaona koyamba ndi dziwe losambiramo. Ena amapitirira ulendo mpaka ku Mfuwe, kumene malo ogona a m'mbali mwa South Luangwa National Park amanyadira timaiwe tawo ndi zipinda zothowa thupi. Madzi akakhala owala mbee, palibe amene amafunsa zambiri. Koma sabata imeneyi ndi yoipa kwambiri kwa wosamalira dziwe: ndi pakati pa dzinja, mvula imakokolera dothi ndi masamba m'madzi, dzuwa likatuluka limawononga klorini, ndiye anthu osamba achuluka kuposa masiku onse. Dziwe lomwe linali bwinobwino Lachinayi limatha kusanduka lobiriwira ndi ndere pofika Lamlungu.

Mankhwala amene amagwira ntchito yaikulu si achilendo kwa ife. Ndi klorini yemweyo amene Eastern Water and Sanitation Company imathira m'madzi a m'damu la Lutembwe asanafike pampopi, ndiponso yemweyo ali m'kabotolo ka Clorin kamene amayi amathira m'chigubu pakabuka kolera. Kusiyana kwake n'kwa mphamvu. Wa m'dziwe nthawi zambiri amabwera ngati timibulu toyera m'chidebe, monga wa HTH, ndipo pafupifupi magawo 65 mpaka 70 pa 100 alionse ndi klorini wogwira ntchito. Madzi akumwa amafunika kutsala ndi mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita akamafika kwa wakumwa. Bungwe la CDC la ku America limati dziwe losambiramo lisatsike pansi pa miligalamu imodzi pa lita, pomwe bafa la madzi otentha, lija ambiri amangolitchula kuti Jacuzzi, lisatsike pansi pa mamiligalamu atatu.

Chimene ambiri amalakwitsa n'kuganiza kuti kuthira klorini wambiri ndiye kuthetsa nkhani. Klorini amapha bwino tizilombo ngati madzi sali owawasa kwambiri kapena amchere wa laimu wambiri, muyeso womwe umatchedwa pH. Muyesowu uyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8. Ukakwera kupitirira 8, mbali yaikulu ya mankhwala aja imangokhala m'madzimo osapha kanthu. Malo ambiri kunja kwa tauni amadzaza maiwe awo ndi madzi a pamjigo, ndipo madzi oterowo kawirikawiri amakhala ndi laimu, yemweyo amene amaundana pansi pa ketulo. Amakweza pH, amachititsa madzi kuoneka ngati mwathiridwa mkaka, n'kumata m'mapaipi ndi pachotenthetsera. Apa m'pamene pamalowa asidi wa dziwe, wothira pang'onopang'ono pampu ikuyenda, komanso soda ngati muyeso watsika kwambiri.

Ndipo fungo lamphamvu lija limene mlendo amalimva n'kunena kuti apa ndiye athira mankhwala okwanira, kwenikweni ndi chenjezo. Limatuluka klorini akakumana ndi thukuta, mkodzo ndi mafuta odzola. Ndi zimenezo zimene zimafiiritsa maso. Dziwe losamalidwa bwino silinunkha kwenikweni.

Bafa la madzi otentha ndiye lili ndi zake. Madzi ake ndi ochepa, anthu amakhala mothinana, ndipo kutentha kwake kumafika madigiri 37 mpaka 40. Kutenthako kumathamangitsa klorini msanga, n'chifukwa chake eni ambiri amasankha bromini, amene amapirira bwino m'madzi otentha. Vuto n'lakuti kutentha komweko kumakomera tizilombo tiwiri. Pseudomonas kamatulutsa totupa toyabwa, makamaka pamalo amene chovala chosambira chinakanirira pakhungu. Legionella ndiye koopsa: kamaswana m'madzi ofunda a madigiri 25 mpaka 45, kamabisala m'zonanda za m'mapaipi, ndipo munthu amakapumira m'timadontho touluka pamene madzi akuwira thovu. Chotsatira chake ndi chibayo choopsa. Mu 1999, pa chionetsero cha maluwa ku Bovenkarspel m'dziko la Netherlands, anthu oposa 30 anamwalira chifukwa cha bafa lotere lomwe linangoikidwa kuti anthu alione. Omwalirawo sanalowemo n'komwe, anangodutsa pafupi.

Nkhaniyi imatikhudza kwambiri chifukwa cha magetsi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi opangira magetsi ku damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ochuluka patsiku, nthawi zina kufika pa 20. Pampu ikaima, madzi sadutsa m'sefa ya mchenga, mankhwala samwazikana, ndipo bafa lotentha limazizira pang'onopang'ono, n'kukhala maola ambiri pa muyeso umene Legionella amaukonda. Jenereta ikalira, mwini loji amayamba waganiza za mafiriji ndi zipinda. Pampu ya dziwe imakumbukiridwa pomaliza. Ine ndimaona kuti bafa lotere likakhala masiku osayenda, kulikhuthula, kutsuka mapaipi ndi kuthira madzi atsopano n'kotchipa kusiyana ndi kuyesa kulikonza ndi mankhwala.

Pali tizilombo tina timene klorini amalimbana nato movutikira. Cryptosporidium, kamene kamatsegula m'mimba, kamatha kukhala masiku angapo m'dziwe lothiridwa mankhwala bwino lomwe. Dziko lathu lomwe linaona kolera wa 2023 ndi 2024, amene anapha anthu oposa 700 mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka kusanduka chipatala, siliyenera kuchita kuuzidwa kawiri kuti wotsegula m'mimba asalowe m'madzi osambamo anthu ambiri.

Munthu amene zonsezi zili m'manja mwake nthawi zambiri ndi mnyamata yemweyo wotchetcha kapinga ndi kutsuka magalimoto a alendo. Amapatsidwa chidebe ndi kakapu, n'kuuzidwa kuti uzithira madzulo aliwonse. Kachida koyezera madzi, kaja kothira timadontho n'kuyerekeza mtundu wake, n'kotchipa kuposa chidebe cha mankhwalawo, koma kamapezeka katauma m'kabati. Bwana amene waphunzitsa wantchito wake kuyeza klorini ndi pH m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba m'kope, amawononga mankhwala ochepa kuposa wothira mwachizolowezi.

Ngozi yaikulu kwa mnyamatayo ili m'kachipinda kosungiramo zinthu. Klorini akakhudzana ndi asidi amatulutsa mpweya wotentha mapapo. Timibulu ta m'chidebe tikasakanizidwa ndi mapilisi a klorini aja oika m'choyandama, zimatha kuyaka kapena kuphulika, ngakhale kuti zonse zimatchedwa klorini. Mafuta a jenereta ndi feteleza siziyenera kukhala m'chipinda chimenecho. Posungunula, mankhwala ndi amene amathiridwa m'ndowa ya madzi, osati madzi kuthiridwa pa mankhwala. Lamulo la zachilengedwe la 2011 linapatsa bungwe loona za chilengedwe la ZEMA udindo woyang'anira mankhwala oopsa, koma magolovesi ndi magalasi otchinga maso amagula ndi bwana.

Madzi okhuthula m'dziwe asalunjike ku dimba kapena kumtsinje tsiku lomwelo. Aziyamba akhala padzuwa masiku angapo osathiridwa kanthu kuti mphamvu ya klorini ithe. Chidebe chikatha, chitsukidwe kangapo ndipo chisapite kunyumba kukasungiramo ufa kapena madzi akumwa, ngakhale chivundikiro chake chikhale cholimba bwanji.