Mwana wanu akufuna kudzayendetsa ndege? Yambirani kuchipatala

Mwana akakuuzani kuti akufuna kudzayendetsa ndege, mwina mumaganiza za malipiro. N'zoona kuti kaputeni wa ndege zikuluzikulu amalandira ndalama zambiri, koma njira yofikira pamenepo imasiyana ndi ya dokotala.

Dokotala amaphunzira ku yunivesite zaka zosachepera 5, pomwe woyendetsa ndege amamuwerengera maola omwe wauluka. Malinga ndi bungwe la ICAO, lomwe limaika malamulo a ndege padziko lonse, laisensi yoyendetsa ndege molipidwa imafuna maola 150 mpaka 200, ndipo ya ukaputeni wa ndege zikuluzikulu imafuna maola 1,500. Nthawi zambiri wophunzira amadzilipirira yekha, ndipo ola lililonse amalipira ndege, mafuta ndi mlangizi. Malipiro oyambira ntchito amakhala otsika kwambiri poyerekeza ndi a kaputeni.

Kusiyana kwina kuli pa thanzi. Woyendetsa ndege amamuyeza maso, makutu ndi kuthamanga kwa magazi chaka chilichonse, ndipo akafika zaka 60 amamuyeza miyezi 6 iliyonse. Akapezeka ndi vuto lalikulu amamuimitsa kuuluka. Pa zaka 65 amasiya kuyendetsa ndege zonyamula anthu zopita kunja, pomwe dokotala amatha kupitiriza ntchito.

Choncho musanagulitse munda kapena ng'ombe kuti mulipire sukulu, pitani nayeni mwanayo akayezedwe. Kuvala magalasi kawirikawiri sikuletsa, koma khunyu kapena kulephera kusiyanitsa zofiira ndi zobiriwira kukhoza kumutsekera njira.