Dzinthu zikalowa m'nkhokwe, laibulale itsegule chitseko

Mwezi wa Meyi ukafika, moyo wa m'midzi yambiri ya chigawo chino cha Africa umasintha mayendedwe. Mvula imakhala italekeza, mphepo ya mwera itayamba kuwomba, chimanga chili m'mikukwe kapena pakhomo kudikira otonola. Khasu limene silinapume chiyambire Okutobala limatsamira pakhonde. Kumapeto kwa masika kumeneku, chisanu chisanafike pachimake, ndi pamene mlimi amayamba kukhala ndi masana akeake, ndiponso ndi pamene amakhala ndi mafunso ofunika mayankho amsanga: asunga bwanji zokolola, agulitsa liti ndipo pa mtengo wanji, adzala chiyani kudimba.

Nyumba yowerengeramo mabuku, imene ambiri amangoti laibulale, ikanayenera kukhala yotanganidwa koposa m'nyengo imeneyi. Koma malaibulale ambiri amayendera kalendala ya sukulu kapena ya ofesi, ndipo zikondwerero zawo zimatsata masiku osankhidwa kutali. Tsiku la mabuku pa dziko lonse, limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1995, limachitika pa 23 Epulo, anthu ambiri ali kalikiliki kukolola. Tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga ndi la 8 Sepitembala, ena atayamba kale kusosa. Masikuwa ndi abwino ndithu, koma amene anawasankha sankayang'ana munda wa chimanga. Laibulale ya kumudzi imene ikufuna kudzaza mabenchi ake iyenera kuwerengera kuchokera pa tsiku limene ngolo yomaliza yatuluka m'munda.

Zimene zingakope mlimi kuti alowe si zachilendo. Chimanga chofuna kusungidwa nthawi yaitali chiyenera kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa magawo pafupifupi 13 pa 100 alionse, ndipo pali njira yoyesera yosalira makina: kuthira chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kutseka, kukhutchumula ndi kulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikufunikabe dzuwa. Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a Purdue University ku America, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Akamangidwa bwino anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, popanda kuthira mankhwala, koma thumba likabooka kapena mukalowa chimanga chachinyezi ntchito yonse yagwa m'madzi. Pa mtedza nkhani ndi ya chuku. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa chimaitana chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi, yemwenso amachititsa kuti ogula akunja akane mtedza wathu.

Zonsezi zinalembedwa kale m'timabuku ta alangizi ndi m'magazini onga Za Achikumbi, amene unduna wa zamalimidwe ku Malawi wakhala ukusindikiza m'Chichewa. Vuto ndi lakuti pepala likakhala pa shelefu silidziwerenga lokha. Chofunika ndi masana amodzi pa sabata pamene alimi asonkhana, mmodzi n'kuwerenga mokweza, mlangizi wa m'deralo n'kubwera ndi botolo, mchere ndi thumba kuti anthu aone ndi maso. Boma la Malawi limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi. Mndandanda umenewo utamatidwa pa chitseko cha laibulale, pambali pake pali sikelo yokhulupirika yoti munthu ayeze thumba lake asanakumane ndi mavenda, nyumbayo ingalandire alendo amene sanapondemo chibadwire.

Apa ndi pamene nkhani ya sukulu za kwacha imalowera. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga inayamba ku Malawi mu 1986, ndipo ambiri mwa ophunzira ake akhala amayi. Aphunzitsi a sukuluzi amadziwa chinthu chimodzi chowawa: munthu amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu, akasowa chowerenga kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, zilembo zimayamba kumuthawa. Mayi wotere safuna buku lochindikala. Afuna nkhani yaifupi ya zilembo zikuluzikulu m'chinenero chake, ndi masamu okhudza moyo wake, monga kuwerengetsa kuti ndowa zingati zimadzaza thumba la makilogalamu 50, kapena kuti ngongole ya ku banki m'khonde yabereka zingati pa miyezi itatu. Gulu la banki m'khonde likamachitira misonkhano yake pa laibulale, kope la ndalama limasanduka phunziro, ndipo mwana amene wabwera kumbuyo kwa mayi ake amakula akuona mabuku ngati zinthu za pakhomo.

Agogo nawo ali ndi malo awo, ndipo amabwera ngati eni chuma. Kuyambira kale, nthano zinkakambidwa madzulo a nyengo yomweyi, ntchito itachepa, anthu atazungulira moto. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, linagwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya ku Malawi pa ntchito yoyenda m'maboma kujambula pa kanema akuluakulu akukamba nthano m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo ana anakhala akusonkhana ku likulu la bungweli ku Lilongwe kudzamvera. Mudzi suyenera kudikira kamera. Gogo mmodzi akakamba, wachinyamata wa ku sekondale n'kulemba m'kope, ana a pulayimale n'kujambula kalulu ndi fisi, pakutha pa chisanu laibulale imakhala ndi buku limene silipezeka m'sitolo iliyonse. M'kope lomwelo mungalowe mayina a mbewu zamakolo, zizindikiro za mvula zimene akale ankaonera, ndi mbiri ya zaka za njala monga 1949 ndi 2002, zimene zikupita ndi eni ake mmodzimmodzi.

Ophunzira a sukulu safunika kuwaitana. Ku Malawi mayeso a boma amagwa m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, choncho mipando imadzaza yokha ndi a Sitandade 8 ndi a Folomu 4. Amene amaiwalika ndi mnyamata kapena mtsikana amene anasiya sukulu, yemwe amaganiza kuti popanda yunifolomu alibe chilolezo cholowa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali mmodzi wa oterewa. Njala ya 2001 mpaka 2002 itasesa nkhokwe, makolo ake analephera kumulipirira fizi ya ku sekondale. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, motero ankatsata kwambiri zithunzi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakale, dayinamo, mapaipi apulasitiki ndi chopemerera cha thirakitala, nayatsa magetsi m'nyumba ya kwawo. Dziko linamudziwa atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Anthu akamasimba nkhaniyi amatama nzeru za mnyamatayo, ndipo n'zoyenera. Koma woyang'anira mabuku uja akanamufunsa kuti ali m'kalasi yanji n'kumubweza pakhomo, Wimbe akanakhala ndi mlimi wina wanzeru wosadziwika ndi wina aliyense.

Ku Zambia, bungwe la Lubuto linamanga ntchito yake yonse pa mfundo imeneyi. Laibulale yake yoyamba inatsegulidwa mu 2007 pa Fountain of Hope ku Kamwala mumzinda wa Lusaka, pofuna kufikira ana a m'misewu ndi ena osapita ku sukulu. Nyumba zake n'zozungulira, zofoleredwa ndi udzu, zokhala ndi insaka, malo ochezera ofanana ndi mphala ya kwathu, kuti mwana wopanda nsapato asachite mantha kulowa. Kupatula kuwerenga, mumachitika zisudzo, kujambula ndi uphungu. Mu 2014 inatsegulidwanso ina kumudzi, ku Nabukuyu m'boma la Monze.

Kumene anthu ali kutali ndi nyumba ya mabuku, mabuku angathe kuwatsata. Ku Zimbabwe, bungwe la Rural Libraries and Resources Development Programme, loyambitsidwa ndi Obadiah Moyo mu 1990, linayamba mu 1995 kunyamula mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu m'boma la Nkayi, ndipo pambuyo pake ngolo zina zinaikidwa magetsi a dzuwa. Ngolo, njinga kapena bokosi la pamutu, zonse zimayenda bwino misewu ikauma ndi mitsinje ikaphwa.

Zopinga zilipo, ndipo zina n'zodzipangira tokha. Mabuku ambiri amphatso amabwera m'Chingerezi, ena akukamba za ulimi wa m'mayiko a chipale chofewa. Mabuku a ana a Werengani, amene National Library Service yakhala ikusindikiza, ndi chitsanzo cha zimene zikufunika zochuluka. M'masukulu ena mabuku amatsekeredwa m'kabati poopa kuti asowa, mpaka chiswe n'kuwamaliza ali atsopano, chonsecho buku long'ambika chifukwa chodutsa m'manja mwa anthu makumi asanu ndiye lagwira ntchito yake. M'miyezi ya Meyi ndi Juni dzuwa limalowa msanga, kotero pamene palibe nyali ya sola zochitika ziyenera kuyamba nkhomaliro itangotha. Ndipo woyang'anira wongodzipereka, amene nayenso ali ndi chimanga chake chotonola, satha kusenza yekha. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mfumu, mpingo ndi mzikiti akagawana masiku, chitseko chimatseguka ngakhale pa tsiku la msika.

Wogwira ntchito za chitukuko amene akufuna kuyesa safunika nyumba yatsopano. Kalasi ya pulayimale imakhala yopanda anthu Loweruka, mabungwe onga NICE akhala akusunga mabuku ndi manyuzipepala m'malo awo owerengera m'maboma, ndipo ofesi ya zamalimidwe ya m'dera imakhala ndi timapepala tofunika kugawidwa. Nyengo yake ndi yaifupi: kuyambira Meyi pali miyezi inayi kapena isanu, kenaka kusosa ndi kugalauza kumayambanso, ndipo anthu amabwerera kumunda m'bandakucha.