Kholo loledzera limamvera mnzake amene anasiya

Chamba ndi kachasu zikalowa m'nyumba, oyamba kuzunzika ndi ana. Kuno ku Maravia nkhani yotere imayambira kwa ankhoswe, nkupita kwa amfumu kapena ku mabwalo a m'midzi amene boma linakhazikitsa ndi lamulo la 1992. Bambo amadzudzulidwa, nalonjeza kuti asintha. Nanga akachoka pabwalopo, amamuyendera ndani?

Ku London anayesa njira ina. M'chaka cha 2008 woweruza Nicholas Crichton anayambitsa khothi la makolo amene ali pafupi kulandidwa ana chifukwa cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kholo limaonekera kwa woweruza yemweyo milungu iwiri iliyonse, likulandira chithandizo, ndipo ena amapatsidwa mnzawo wowayendera: kholo lomwe linali m'vuto lomwelo nkusiya. Kafukufuku wa yunivesite ya Brunel wa 2014 anapeza kuti amayi 40 pa 100 aliwonse a m'khothili anasiya, pamene m'makhothi wamba anasiya ndi 25 okha.

Chovuta nkudziwa ngati kholo lagwirizanadi ndi womuyenderayo. Kuwerenga maulendo nkosavuta, koma munthu angathe kukhala pampando kakhumi konse mtima uli kwa mayi wotcheza kachasu. Zofunika kuziona ndi zina. Kodi amayamba ndani kufunafuna mnzake? Kodi kholo likagwanso m'mowa limaulula lokha, kapena zimamveka kwa anansi? Kodi ana ayambiranso sukulu? Pamenepa mpofunika kusamala: woyendera akasanduka kazitape wa bwalo, kholo limatseka pakamwa, ndipo zolembedwazo zimakhala zabodza.

Khothi lotere silinafike ku Fingoè, koma nzeruyo si yachilendo. M'zipatala za dziko lino muli amayi otchedwa mães mentoras, omwe ali ndi kachilombo ka HIV ndipo amayendera anzawo oyembekezera kuti asasiye mankhwala. Mayi amawauza zimene sangauze namwino.

Mfumu ya ku Malowera kapena ku Chiputo ikaweruza nkhani ya kholo loledzera, ingathe kutchula munthu mmodzi wa m'mudzi momwemo amene anasiya, kuti aziliyendera, onse awiri nkubweranso pabwalo pakatha milungu iwiri.