Kashedi ka Nkhuni ka Pulofesa Rubin

Kale, munthu akanena kuti akufuna kuphunzira mabuku olembedwa kummwera kwa dziko la America, ophunzira a ku New York ndi ku Boston ankamuseka chikhakhali. Kummwera nkukhala mabuku? Dera limenelo ankalidziwa ndi thonje, fodya, udzudzu, tsankho ndi umphawi womwe unatsala nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865. Mu 1917, mtolankhani wa pakamwa polasa wa ku Baltimore, H. L. Mencken, anachita kulemba poyera kuti pa nkhani ya luso, kummwera konseko ndi chipululu cha Sahara. Anthu a kumpoto anaombera m'manja. A kummwera anapsa mtima, koma choyankha chinawasowa.

Ngakhale alembi enieni atatulukira, manyazi sanathe msanga. Tangoganizani: pofika 1945, William Faulkner wa ku Mississippi anali atalemba kale The Sound and the Fury ndi Absalom, Absalom!, koma mabuku ake pafupifupi onse anali atasiya kusindikizidwa. Mukanayenda sitolo ndi sitolo mukanabwerako chimanjamanja. Mwini wakeyo ankakagwira ganyu yolemba nkhani za mafilimu ku Hollywood kuti kunyumba kusagonedwe ndi njala. Munthu amene anadzalandira mphoto ya Nobel ya 1949 ameneyo! M'mayunivesite namo zinali chimodzimodzi. Aphunzitsi omwe ankasamala za mabuku a kummwera anali owerengeka, magazini yofufuza za mabukuwo panalibe, ndipo wophunzira wofuna kudziwa komwe angayambire ankangopapasa mumdima.

Louis D. Rubin Jr. anabadwira m'kati mwa "chipululu" chimenechi, mumzinda wa Charleston ku South Carolina, pa 19 Novembala 1923, m'banja la Chiyuda. Anakhalako msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anamaliza digiri yake ku University of Richmond mu 1946, kenako nkuyamba utolankhani. Za upulofesa panalibe ndi fungo lomwe. Anali mnyamata wa m'nyuzipepala, wokonda sitima zapamtunda, maboti ndi masewera a baseball. Koma atapita kukawonjezera maphunziro ku Johns Hopkins, zinthu zinayamba kutembenuka. Mu 1953, iye ndi mnzake Robert D. Jacobs anatulutsa buku lotchedwa Southern Renascence, losonkhanitsa nkhani zofotokoza ukatswiri wa alembi atsopano a kummwera. Chokoma nchakuti Johns Hopkins ili ku Baltimore. Buku loonetsa kuti chipululu chija chabala zipatso linatulukira pakhomo penipeni pa Mencken, mwini wakeyo akadali moyo.

Mu 1957 Rubin anasamukira ku Hollins College, kasukulu ka atsikana kufupi ndi Roanoke ku Virginia, m'munsi mwa mapiri. Palibe ankayembekeza kuti alembi otchuka angachokere kumeneko. Rubin anakhazikitsa maphunziro a luso lolemba, nayamba kuitana alembi akuluakulu kuti azidzakhala pasukulupo. Mmodzi mwa iwo anali William Golding wa ku England. Tsono taonani kalasi yomaliza mu 1967. Munali Lee Smith, mtsikana wa m'tauni ya migodi ya malasha ya Grundy, yemwe buku lake loyamba linatuluka mu 1968, chaka chimodzi chokha atachoka pabenchi. Munalinso Annie Dillard, yemwe analemba za kamtsinje koyenda pafupi ndi sukuluyo, Tinker Creek, nkupata mphoto ya Pulitzer mu 1975. Kamtsinje komwe dzana ankangokadumpha osakayang'ana, lero anthu amachita kukafunafuna pamapu.

Mu 1967 momwemo Rubin anapita ku University of North Carolina ku Chapel Hill, komwe anaphunzitsa mpaka 1989. Kumeneko anagwira ntchito yosaoneka kukongola koma yofunika, yomanga maziko. Mu 1968 iye ndi C. Hugh Holman anayambitsa magazini ya Southern Literary Journal. Mu 1969 anatulutsa buku lolondolera ofufuza komwe angapeze zolembedwa za mlembi aliyense wa kummwera, kuti kupapasa kuja kuthe. Anagwiranso ntchito limodzi ndi Blyden Jackson, pulofesa wachikuda wa pa yunivesite yomweyo, ndipo mu 1974 analembera limodzi buku lokamba za ndakatulo za anthu akuda. Izi zinali ndi tanthauzo m'dera lomwe kale mawu oti "mlembi wa kummwera" ankangotanthauza mzungu. Mu 1985 kunatuluka chibuku chonenepa, The History of Southern Literature, cha masamba oposa 600, Rubin ali mkonzi wamkulu ndipo Jackson ali m'gulu la akonzi. Dera lomwe ankati lilibe cholemba tsopano linali ndi mbiri yofunika manja awiri poinyamula.

Koma pulofesayo chinthu chimodzi chinkamudya moyo. Ana ake a sukulu ankalemba bwino, nkutumiza zolemba zawo ku makampani osindikiza mabuku ku New York, koma maenvulopu ankangobwerera. Kumeneko wopanda womudziwa sankapenyedwa nkomwe. Munthu wina akanangodandaula m'chipinda chomwera tiyi nkupuma pantchito mwaulemu. Rubin, ali ndi zaka pafupifupi 60, anati ngati a ku New York sakufuna, tisindikiza tokha. Mu 1982 anagwirizana ndi Shannon Ravenel, mwana wake wa sukulu wa ku Hollins yemwenso kwawo kunali ku Charleston, nayambitsa kampani ya Algonquin Books.

Ofesi yake musaiganizire patali. Kanali kashedi kosungira nkhuni kuseri kwa nyumba ya Rubin ku Chapel Hill. Yerekezani makampani a ku New York aja m'nyumba zosanjikizana mpaka kumitambo, makapeti ali yalu, alembi a m'maofesi ali pikitipikiti. Ndiyeno yerekezani kashedi ka kuseri, mapepala ali mbwee, mkulu wa kampani ali yemweyo wokonza zolemba, ndalama zoyambira zili zosonkha kwa abwenzi. Ravenel naye sankakhala ku Chapel Hill. Ankawerenga zolemba ali kutali ku St. Louis. Aliyense wodziwa malonda a mabuku akanati zimenezi sizifika Khirisimasi iwiri. Mabuku oyamba anatuluka mu 1983.

Kenako mvula inagwa. Mu 1984 Algonquin inachita zomwe makampani akuluakulu sakanayerekeza: inatulutsa mabuku awiri nthawi imodzi a Jill McCorkle, mtsikana wosadziwika yemwe anali wophunzira wa Rubin. Mu 1985 kunabwera Raney la Clyde Edgerton, nkhani yoseketsa ya banja latsopano, ndipo anthu analikhamukira. Mu 1987 kunatuluka Ellen Foster la Kaye Gibbons, yemwe anayamba kulilemba akuphunzira kwa Rubin. Patatha zaka khumi Oprah Winfrey analisankha pa pulogalamu yake ya pa TV, ndipo linalowa m'nyumba zosawerengeka. Mu 1988 kunatulukira Larry Brown, wozimitsa moto wa ku Oxford, Mississippi, tauni yomweyo ya Faulkner. Bambo ameneyu anakhala zaka akulemba pa nthawi yopuma ndi kulandira makalata omukana. Ravenel atawerenga nkhani yake ina m'magazini, anamufunafuna mpaka kumupeza, ndipo posakhalitsa Brown anatula pansi paipi ya madzi nkukhala mlembi wa tsiku ndi tsiku.

Lero maphunziro a mabuku a kummwera ali m'mayunivesite ambiri, mkati ndi kunja kwa America. Kuli bungwe la akatswiri ake, kulinso Fellowship of Southern Writers, gulu la alembi lomwe Rubin anathandiza kulikhazikitsa mu 1987. Bungwe la openda mabuku la National Book Critics Circle linamupatsa mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse. Anamwalira pa 16 Novembala 2013, kutangotsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 90.

Nanga kashedi kaja? Mu 1989 kampani ya Workman ya ku New York inabwera ndi chikwama cha ndalama nkugula Algonquin, dzina nkulisiya momwemo. Pansi pa dzina limenelo panatuluka Water for Elephants la Sara Gruen mu 2006, lomwe linagulidwa mamiliyoni nkusanduka filimu, ndi An American Marriage la Tayari Jones wa ku Atlanta mu 2018. Mu 2021 Workman nayo inagulidwa ndi Hachette, imodzi mwa makampani akuluakulu a mabuku pa dziko lonse. Mzinda womwe unkabweza maenvulopu a ana a Rubin unamaliza nkulipira ndalama kuti mayina awo akhale m'kaundula wake.