Mwaika Linux Mint, GIMP ndi yakale: kodi wokonza uja wakupusitsani?

Kuyambira pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inasiya kutumiza ma update wamba a chitetezo a Windows 10. Kwa anthu wamba ngati ife pali ndondomeko yowonjezerako chaka chimodzi, mpaka October 2026, ikatha imeneyo basi. Tsoka lake, malaputopu ambiri akaunjika amene timagula m'mashopu a m'tauni muno sakulandiridwa ndi Windows 11, chifukwa iyo imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko. Ngati ndi ya Intel, iyambire pa 8th generation kupita m'mwamba. Ndiye anthu ena, makamaka ana asukulu ndi anyamata okonza makompyuta, ayamba kuika Linux Mint kapena Ubuntu kuti makina aja apitirize kugwira ntchito.

Dandaulo limene ndikulimva kawirikawiri likubwera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Munthu watsegula GIMP kuti akonze chithunzi cha poster, wapeza kuti ndi version 2.10, pomwe wa pa YouTube amene akumutsatira akugwiritsa ntchito 3.0, imene inatuluka mu March 2025. Wapanga update, palibe chasintha. Wapanganso, chimodzimodzi. Apa ndi pomwe amayamba kunena kuti wokonza uja anamuikira zinthu zakutha. Ayi ndithu, sanakupusitseni. Zinapangidwa dala choncho, ndipo ndi bwino mumvetse chifukwa chake musanayambe kukopera ma command a pa intaneti.

Pa Windows tinazolowera kusakasaka pulogalamu iliyonse payokha, ina pa webusaiti ya eni ake, ina pa fulashi ya mnzathu. Pa Linux zambiri zimachokera mu nkhokwe imodzi, imene amaitcha repository, yosamalidwa ndi amene akonza mtundu wa Linux umene mwaikawo. Akatsala pang'ono kutulutsa mtundu watsopano, amatseka chitseko cha nkhokweyo. Chimene chalowa chalowa, ndipo amachiyesa pamodzi ndi zinzake zonse kuti aone ngati sizikulimbana. Akatulutsa, mapulogalamu aja amakhala pa nambala yomweyo kwa zaka. Ubuntu 24.04 inatuluka mu April 2024, GIMP 3.0 isanabadwe, ndipo Linux Mint 22 imatenga mapulogalamu ake ambiri mu nkhokwe ya Ubuntu 24.04 yomweyo. Nchifukwa chake mukuona 2.10.

Nthawi zake zili motere. Ubuntu imatulutsa mtundu wa nthawi yaitali, wotchedwa LTS, zaka ziwiri zilizonse mu April, ndipo umasamalidwa kwa zaka zisanu. Nambala yake imakuuzani tsiku: 22.04 ndi April 2022, 24.04 ndi April 2024. Pakatipa pamatuluka mitundu ina miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma imeneyo amaisamala miyezi 9 yokha. Mint 22 idzasamalidwa mpaka 2029. Debian, kholo la Ubuntu, imatulutsa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse: Debian 12 mu June 2023, Debian 13 mu August 2025. Mwa njira, dzina loti Ubuntu ndi umunthu wathu womwewu. Anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa.

Tsopano mawu amene amasokoneza anthu ndi akuti stable. Ambiri amamva ngati akutanthauza kuti mulibe cholakwika chilichonse. Tanthauzo lake lenileni ndi loti sichisinthasintha. Mmene pulogalamu ikugwirira ntchito lero, ndi mmene idzagwirire chaka chamawa, zabwino zake ndi zolakwika zake zomwe. Kwa munthu amene ali ndi shopu yotaipa ndi kupulinta, imeneyi ndi nkhani yabwino kwambiri. Pulinta imene yagwira Lolemba igwiranso Lachisanu, ndipo mtsikana amene mwamuphunzitsa ntchito sadzapeza mabatani atasamuka m'mawa mwake.

Nanga akapeza bowo loti akuba a pa intaneti angalowerepo? Apa ndi pamene pali luso limene ambiri saliona. Eni ake a pulogalamu akakonza bowolo mu version yatsopano, a Debian kapena a Ubuntu satenga version yonseyo. Amadula kachigamba kotseka bowo kokhako n'kukasokerera pa version yakale ija. Chizungu chake amati patch, ndipo n'chigamba ndithu monga cha telala. Ndiye nambala yaikulu imaoneka yakale, koma bowo latsekedwa. Mukaona munthu pa Facebook akunena kuti pulogalamu yanu ndi yoopsa chifukwa chongoti nambala yake ndi yakale, dziwani kuti mwina sakuidziwa nkhaniyi. Chofunika n'choti ma update akabwera muziwalandira, komanso mtundu wa Linux wanu ukhale usanadutse zaka zake zosamalidwa.

Koma tisanamizane, kukhazikikaku kuli ndi mtengo wake. Chigamba chimabwera msanga pa mabowo a chitetezo ndi pa zolakwika zazikulu monga zowononga mafayilo. Tizolakwika tina tonse, kamenyu kosatseguka bwino, pulogalamu yodula mavidiyo yongotsekeka ukaika mtundu wina wa fayilo, tebulo la mu Word losokonekera ukalitsegula mu LibreOffice, nthawi zambiri timatsala pomwepo. Chopweteka n'choti mwina eni ake anakonza kale miyezi isanu yapitayo, koma kukonzako kuli mu version yatsopano imene nkhokwe yanu sidzailandira. Ukakadandaula kwa eni ake, funso loyamba n'loti uli pa version iti, ukawauza amangoti yamba waika yatsopano. Debian 12 inatuluka ndi LibreOffice 7.4, ndipo amene anangodikira nkhokwe yake yaikulu anakhala nayo mpaka Debian 13 inabwera ndi 25.2. Zaka ziwiri si masewera kwa munthu amene tsiku lililonse akulandira ma CV ndi ma assignment olembedwa mu Word.

Palinso nkhani ya zipangizo. Laputopu yatsopano kwambiri ikhoza kukana WiFi kapena kusatulutsa mawu chifukwa kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi zipangizo, ndi wakale kuposa makinawo. Ife a kaunjika vuto limeneli silitipeza kwenikweni. Makina athu ndi akale kuposa kernel.

Mbali inayo kuli mitundu yothamanga. Fedora imatuluka pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndipo mtundu uliwonse umasamalidwa pafupifupi miyezi 13. Arch Linux ilibe n'komwe tsiku lotulutsa. Chatsopano chikangotuluka, pakapita masiku ochepa chafika kwa inu. N'zokoma, sindikana. Koma amene amalandira choyamba ndi amenenso amalawa choyamba chikakhala chowawa. Pa 29 March 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anaulula kuti mu kapulogalamu kopanikiza mafayilo kotchedwa xz munabisidwa khomo lakuseri, mu version 5.6.0 ndi 5.6.1. Anazitulukira ataona kuti kulowa mu kompyuta kudzera pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Amene anaika khomolo anakhala zaka ziwiri akuthandiza pa pulojekitiyo ngati munthu wabwinobwino mpaka anamukhulupirira. Ma version oipawo anali atafika kale mu Debian yoyeserera, mu Fedora Rawhide, mu openSUSE Tumbleweed ndi mu Kali Linux. Amene anali pa Debian 12 kapena Ubuntu 22.04 sizinawakhudze, chifukwa xz yawo inali yakale. Tsiku limenelo kuchedwa kunapulumutsa anthu.

Kwa ife kuno pali zina ziwiri zimene a pa YouTube a kunja saziwerengera. Choyamba ndi bandulo. Linux yothamanga imafuna kutsitsa ma update pafupipafupi, nthawi zina ma MB mazanamazana pa sabata, ndipo pa Arch saloleza kusankha kuti ichi ndipange update, icho ndisiye, zimayendera limodzi. Chachiwiri ndi magetsi. Batire ya laputopu yakaunjika mukuidziwa, mphindi makumi awiri yafa. Magetsi akathima kernel ili pakati polowa, pali mwayi woti makinawo asadzukenso bwinobwino mpaka wina awakonze. Ma update akuluakulu akachuluka, mwayi wa ngozi imeneyi umachulukanso.

Ndiye titani, tisankhe zakale kapena zothyoka? Mwamwayi masiku ano funsoli silofunikanso kuliyankha kamodzi pa kompyuta yonse. Mukhoza kusiya maziko akhale odekha, n'kubweretsa chatsopano pa pulogalamu imodzi kapena ziwiri zimene mumadyerapo.

Njira yosavuta ndi Flatpak. Pulogalamu ya Flatpak imabwera ndi zofunikira zake payokha ndipo imakhala m'kampanda kake, sikhudza mafayilo a maziko. Nkhokwe yake yaikulu ndi Flathub, ndipo pa Linux Mint inalumikizidwa kale mu Software Manager. Mukasaka GIMP mupeza ziwiri, ya mu nkhokwe ya Mint ndi ya Flathub. Yachiwiriyo ndiyo yatsopano. Ikakuvutani mumaichotsa, kompyuta n'kutsala mmene inalili. Koma chenjerani ndi bandulo aise: Flatpak yoyamba imakoka kaye maziko ake otchedwa runtime, amene amakwana ma MB mazana angapo, ngakhale pulogalamuyo ikhale yaing'ono. Ina ikadzafuna runtime yomweyo sitsitsanso, koma ikafuna ya mtundu wina mulipiranso. Ikani muli pa WiFi kapena ndi bandulo ya usiku. Onaninso chizindikiro choti verified, chosonyeza kuti aikapo ndi eni ake enieni. Mint 22 imabisa zopanda chizindikirochi pokhapokha mutazitsegulira nokha, ndipo ine ndimaona kuti anaganiza bwino.

Ubuntu ili ndi njira yake yofanana nayo yotchedwa Snap, moti Firefox yake imabwera momwemo kuyambira pa 21.10. A Mint anaitseka Snap kuyambira pa Mint 20, ndiye ngati muli pa Mint musavutike nayo. Palinso AppImage, imene ndimaikonda pa chifukwa cha kwathu kuno: ndi fayilo imodzi, simuinstola, mumangoipatsa chilolezo n'kuitsegula. Mmodzi akatsitsa Krita kapena Kdenlive pa webusaiti ya eni ake, anzake asanu atha kutengera pa fulashi. Kuipa kwake n'koti nthawi zambiri siidzipangira update, muyenera kukumbukira nokha, ndipo fayilo yongoyendayenda pa mafulashi simudziwa wadutsapo ndani. Tengerani kwa munthu amene mwamuona akutsitsa kwa eni ake.

A Debian ali ndi backports, nkhokwe yapadera imene amatenga mapulogalamu ena atsopano n'kuwamanganso kuti agwirizane ndi Debian yokhazikika. Ubwino wake n'woti siikukakamizani. Mumatchula dzina la pulogalamu imene mukufuna, zina zonse sizisuntha. Kernel yatsopano ya laputopu yokana WiFi ija imapezekanso momwemo.

Chimene ndimakaniza anzanga ndi kusakaniza nkhokwe. Mupeza malangizo oti onjezani PPA iyi, kapena lozani Debian yanu ku nkhokwe yoyeserera kuti mupeze pulogalamu imodzi. PPA ndi nkhokwe ya munthu payekha, ndipo mukaionjezera mwamupatsa munthuyo mphamvu yoika chilichonse m'kati mwenimweni mwa kompyuta yanu. Ena ndi okhulupirika, monga PPA imene eni ake a pulogalamu akuitchula pa webusaiti yawo. Ena anaisiya kalekale. Kusakaniza Debian yokhazikika ndi yoyeserera ndiye n'koipa kuposa, chifukwa pulogalamu imodzi ija imakoka ma library atsopano, amenewo n'kukokanso ena, mapeto ake muli ndi chinthu chimene palibe anachiyesapo. A Debian enieni anachipatsa dzina lachipongwe, FrankenDebian.

Browser yokha siilowa mu mkanganowu. Ndi imene imakumana ndi dziko lonse tsiku lililonse, mabanki ndi ma link okayikitsa a pa WhatsApp omwe, ndiye iyenera kukhala ya makono nthawi zonse. Okonza Linux amadziwa zimenezi: Mint ndi Ubuntu zimatumiza Firefox yatsopano ikangotuluka, Debian imagwiritsa ntchito Firefox ESR, imene maonekedwe ake amasintha pafupifupi kamodzi pachaka koma zigamba zake zimabwera pafupipafupi. Kaya bandulo yavuta bwanji, update ya browser musaidumphe.

Kwa wa shopu yopulinta ndi mwana wasukulu amene akulemba project, ine ndingati Mint kapena Ubuntu LTS, osagwiragwira, LibreOffice yokha ndiyo ibwere ya Flathub ngati mafayilo a Word akuvuta. Wodula mavidiyo a TikTok ndi wojambula ma poster, maziko omwewo, koma Kdenlive, OBS Studio kapena GIMP zikhale zatsopano. Amene akuphunzira za makompyuta ndipo akufuna kuona mmene zinthu zimathyokera, aike Fedora kapena Arch, adzaphunzira zambiri, bola isakhale laputopu yomweyo imene muli dissertation.

Pa Mint pali kapulogalamu kotchedwa Timeshift kamene kamajambula mmene maziko a kompyuta alili, kuti update ikasokoneza mubwerere pa dzulo. Katseguleni tsiku loyamba, ndipo mujambule musanayese china chilichonse chachilendo. Dziwani kuti mmene kamabwerera sikasunga zithunzi ndi madokyumenti anu. Amenewo ndi a pa fulashi kapena pa hard drive ina. Ndipo update ikakhala ndi mawu oti kernel, yang'anani kaye batire, chaja ikhale pa khoma.